Za Ng'oma Yopanda Dzina

Tsiku lina ndinalowa m'nyumba ina yosungiramo zinthu za makolo, ndipo ndinaona ng'oma yakale itaikidwa bwino m'galasi. Pansi pace panali kapepala ka mau awiri okha: ng'oma, Acewa. Osunga nyumbayo anacita bwino kuipulumutsa ku ciswe, ndipo pa ici tiwayamike. Koma kapepalako kanandibvuta mtima ulendo wonse wobwerera kuno ku Nambuma, pakuti ng'oma yosadziwika mudzi wace, kapena woiomba wace, yasanduka cipika cabe.

Taganizani za Mbiriwiri, ng'oma ya ku Msinja, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama. Imeneyo sinaombedwa ndi munthu wamba, koma ndi Tsang'oma yekha, poitana anthu kudzapempha mvula. Ndipo akulu amati inalandidwa kwa Akafula. Mwini kacisi ndiye Makewana, ndiko kunena mai wa ana, mkazi wa pfuko la Banda, wosameta tsitsi lace, popeza ankati akameta iye mvula idzaleka. Omtumikira anali akazi ochedwa Matsano, pamodzi ndi Kamundi wa kwa Mbewe, amene anaimira njoka ija Thunga. Tsono mukaicotsa Mbiriwiri pakati pa anthu awa, nimuilembera mau awiri aja, mwatsala ndi ciani? Pa mapiri omwewo pali Kaphirintiwa, pamene makolo amaloza mapazi a anthu oyamba ndi a nyama pa thanthwe. Thanthwe limenelo palibe munthu angathe kulisenza kukaliika m'galasi, ndipo mwina ndico cifukwa cace mbiri yace siinalekana nalo.

Za Msinja zinalembedwa ndithu. Bwana Rangeley anazifotokoza mu Nyasaland Journal m'caka ca 1952, koma m'Cingelezi, kotero kuti adzukulu a iwo amene anamuuza sanaziwerenga. Samuel Ntara, ndi buku lace la Mbiri ya Acewa, ndiye anatilembera zakale m'cinenero cathu. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayamba nchito ya Kungoni mu 1976, ayenda njira yabwino, pakuti cigoba ca gule ciri conse cimakhala ndi dzina lace ndi tanthauzo lace. Ngakhale tinene kuti cigoba copacikidwa sicibvina.

Koma mlandu sukhala pa osunga zakale okha, aphunzitsi anzanga. Kangati mwana wafunsa za kacisi, ife ndi kumdula ndi liu limodzi, kuti ndi zacikunja? Tikumbukire kuti omasulira Buku Lopatulika, pofuna dzina la nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu, sanapeka liu latsopano. Anatenga lomweli la kacisi, kanyumba kaudzu kothirako nsembe. Tiliwerenga masiku onse, osawauza ana kumene linacokera.

Cifukwa cace ndipempha inu a ku Kabudula, a ku Nsaru ndi a ku Namitete, mufunse okalamba ngati makolo ao, pa caka ca cilala, anapita ku Msinja kapena ku phiri la Bunda, anadzera njira iti, ndipo ananyamula ciani. Lembani monga anenera, ndi dzina la mudzi lomwe, osakonza mau ao. Ine ndayamba ndi ana a m'kalasi langa, ndipo mmodzi wandionetsa kale citsa ca msolo pamene agogo ace ankathira ufa.