Ofukula Mayina a Mabanja ku Germany

Pali anthu ku Germany amene amatha zaka zambiri akulondola dzina limodzi la banja, ndipo ine ndimawapatsa ulemu waukulu. Tengani dzina losowa la Nonnenmacher. Mjeremani wamakono akalimva amaganiza za masisitere a tchalitchi, pomwe akatswiri adapeza kuti kholo lake linali munthu wofula nkhumba zazikazi, ntchito imene kale inkadyetsa mabanja.

Kuti afike pamenepo amavutika ndithu. Amatsegula mabuku a ubatizo ndi maukwati, amene mpingo wa Katolika udalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izisunga. Zolembamo n'zamanja, m'kalembedwe kakale ka Kurrent kamene ana a lero sangathe kuwerenga. Wansembe ankalemba dzina monga momwe walimvera, choncho banja limodzi limapezeka ndi masipelo osiyanasiyana. Mabuku ena adapsa pa nkhondo ya 1618 mpaka 1648. Kaundula wa boma adafika dziko lonse mu 1876.

Kuyambira 2012, akatswiri a ku Mainz ndi Darmstadt akhala akugwira ntchito yoika matanthauzo a mayinawa pa intaneti, kwaulere. Ntchito ya kuleza mtima kotereyi ndi yofunika kuiyamikira kwambiri.