Dzanja la pa zenera: luso la nthano za Koropokkuru

Koropokkuru ndi tianthu tating'ono ta m'nthano za Aainu, mtundu umene kwawo kwenikweni ndi chilumba cha Hokkaido kumpoto kwa Japan, komanso Sakhalin ndi zilumba za Kuril. Nthanozi zimati tianthuti tinkakhala m'nyumba zokumba pansi, zofolera ndi masamba a chomera chotchedwa fuki. Osimba ambiri satchula msinkhu wa tianthuti, amangoti tinkabisala pansi pa tsamba la fuki. Muyeso umenewu ndi woterera, chifukwa fuki wa ku Hokkaido amakula kwambiri: wa ku Ashoro amapitirira mamita 2, moti ngakhale munthu wamkulu atha kuusa mvula pansi pake. Motero womvera aliyense amadziyezera yekha, ndipo m'madera ena Koropokkuru ndi anthu aafupi chabe pamene kwina ndi tianthu tokwana tambirimbiri pansi pa tsamba limodzi.

Nkhani yake ndi yaifupi. Tianthuti tinali akatswiri a usodzi ndi ulenje, ndipo tinkakhala bwino ndi Aainu, koma sitinkafuna kuonedwa. Usiku tinkabwera mwakachetechete, n'kupisa dzanja pa zenera kapena pa mpata wa khomo, kusiya nsomba kapena nyama, n'kubwerera. Tsiku lina mnyamata wina, mtima wofuna kuona utamukulira, anabisalira dzanjalo. Litangotulukira analigwira, n'kukokera mwini wake m'nyumba. Anali mkazi wokongola, wa mphini padzanja, ndipo ena amati mwambo wa akazi achiainu wotema mphini unachokera pamenepo. Abale ake anakwiya, anasamuka onse kulowera kumpoto, ndipo sanaonekenso.

Mphamvu yonse ya nthanoyi ili pa dzanjalo. Wosimba waluso saonetsa nkhope, zovala kapena mudzi wa tianthuti. Amaonetsa kachiwalo kamodzi mumdima, ndipo amakabwereza usiku ndi usiku mpaka womvera naye ayambe kulakalaka kuona mwini wake. Pofika pamene mnyamata uja akugwira dzanja, omvera onse amakhala atalakwira naye limodzi mumtima. N'chifukwa chake nthanoyi sifunika mfiti kapena chilombo, ndipo wolakwayo salangidwa ndi imfa. Chilango chake ndi chakuti nsomba zasiya kubwera. Kuonekera kwa mkaziyo kumachitika kamodzi kokha, m'mawu ochepa, ndipo wosimba amene angachulutse gaga pofotokoza kukongola kwake amafoola nkhaniyo.

Kamangidwe komweka kamapezeka kutali ndi Japan. Ku Cologne, m'dziko la Germany, amasimba za Heinzelmännchen, tianthu timene tinkagwira ntchito za amisiri usiku eni ake ali mtulo, kufikira mkazi wa telala atamwaza nsawawa pa masitepe kuti titerereke ationeko. August Kopisch anaika nkhaniyi m'ndakatulo mu 1836. Koma ya ku Cologne ndi yoseketsa, ndipo dandaulo lake ndi lakuti tsopano aliyense azidzigwirira yekha ntchito. Ya Aainu ndi yolemerera, chifukwa chimene chasweka ndi ubale wa mitundu iwiri, ndiponso mkazi wagwidwa mwankhanza.

Luso lachiwiri ndi lomangirira nthano ku zinthu zooneka ndi maso. Ku Hokkaido kuli maenje ambirimbiri a nyumba zakale, mapale ndi zida zamiyala, ndipo wosimba amaziloza ngati umboni, kotero kuti nkhaniyo imamveka ngati mbiri. Ku Malawi nako nthano za Akafula, anthu aafupi amene amafunsa mlendo kuti wawaonera kuti, zimatsamira pa zojambula zofiira za m'mapanga monga za ku Chongoni m'boma la Dedza. Kusiyana kwake n'kwakuti kumbuyo kwa Akafula kuli alenje enieni, Abatwa.

Umboni wa maenje uja unakopa ngakhale ophunzira. Kuyambira cha m'ma 1880, Tsuboi Shōgorō wa ku yunivesite ya Tokyo ankaphunzitsa kuti Koropokkuru unali mtundu weniweni umene unakhala m'dzikolo Aainu asanabwere. Koganei Yoshikiyo anatsutsa, nati zotsalazo n'za makolo a Aainu omwewo. Mu 1899 Torii Ryūzō anapita ku zilumba za Kuril, kumene anapeza kuti Aainu akumeneko ankadziwa nyumba zokumba pansi ndi kuumba mbiya. Mtsutsowo unazilala Tsuboi atamwalira mu 1913. Iye anamva nthano ngati lipoti, osaona kuti kusamuka kwa tianthuti ndi njira ya wosimba yofotokozera chifukwa chake nyumbazo zilibe eni.

Masiku ano Koropokkuru amadziwika kwambiri kudzera m'mabuku a ana, makamaka amene Satō Satoru anayamba kulemba mu 1959, ndi m'tiziboliboli tamatabwa togulitsa kwa alendo ku Hokkaido. Timeneti timakhala ndi nkhope yomwetulira, titanyamula tsamba kumutu. Monga zosema n'tokongola ndithu, koma timaonetsa poyera zonse zimene wosimba wachiainu ankabisa, ndipo mnyamata wogwira dzanja uja samapezekapo.