Khoswe wa pa Mkhate

Makolo athu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mwini nyumba amakweza chibonga, koma poona kuti akamenya aphwanya mkhate wake womwe, amatsitsa mkono, khoswe nkumangomuyang'ana. Mwambi umenewu ukulongosola bwino lomwe m'mene malonda ozembetsa ndi kugulitsa atsikana amayendera. Wochita malonda otere amadziwa kuti ndalama zokha sizingamutchinjirize mpaka kalekale. Chimene amachifunitsitsa ndi bwenzi lotchuka, munthu wa mpando, amene dzina lake lidzachititsa wapolisi kukayika ndi woweruza kufewa mtima. Tsono chinsinsi chikaululika, anthu tonse timathamangira kukaona ngati mkhate wang'aluka, ndipo za mwana amene adagulitsidwa timaziiwala msanga.

Nkhani imene yaonetsa zimenezi poyera m'zaka zathu zino ndi ya Jeffrey Epstein, mkulu wachuma wa ku America. Iyeyu ankanyengerera atsikana, ena a zaka 14 zokha, powalonjeza ndalama pa kantchito kooneka kopepuka, kenaka nkumawachita zachiwerewere ndi kuwalipira kuti akabweretse anzao. M'chaka cha 2008 adavomera mlandu m'boma la Florida, koma chifukwa cha pangano limene adachita ndi oimira boma pa milandu, adakhala m'ndende miyezi 13 yokha, ndipo masiku ambiri ankaloledwa kutuluka masana kupita ku ofesi yake. Atamasulidwa, anthu ena otchuka adapitiriza kumuchezera ndi kudya naye pamodzi, ngakhale ankadziwa chimene adamangidwira. Adamangidwanso mu July 2019, nafera m'ndende ku New York mu August chaka chomwecho mlandu usanazengedwe. Mnzake Ghislaine Maxwell, amene ankamupezera atsikanawo, adalamulidwa mu 2022 kukhala m'ndende zaka 20.

Pambuyo pake mipando idayamba kugwedezeka. Alexander Acosta, amene adavomereza pangano la ku Florida lija, adatula pansi udindo wa nduna ya zantchito mu July 2019. Mu September 2025 boma la Britain lidachotsa Peter Mandelson pa ukazembe ku Washington, atapezeka makalata amene ankalembera Epstein omulimbikitsa pa nthawi ya mlandu woyamba uja. Mwezi wotsatira Mfumu Charles idalanda mng'ono wake Andrew ulemu wa ukalonga. Manyuzipepala ndi mawailesi adawerenga mipando yogwayi umodzi umodzi, monga m'mene timawerengera zigoli za mpira. Koma Virginia Giuffre, mai amene adanena kuti adaperekedwa kwa Andrew ali ndi zaka 17, zimene Andrew wakhala akuzikana, sadaone kugwa kwa Mandelson ndi Andrew. Adamwalira mu April 2025 ali ndi zaka 41, atatha zaka zambiri akulankhula anthu osamukhulupirira.

Apa ndi pamene pagona vuto la kafotokozedwe kathu ka nkhani zotere. Timafunsa kuti: kodi nduna ipulumuka? Kodi chipani chitaya mavoti angati? Mafunso amenewa amasandutsa mtsogoleri kukhala mwini nkhani, ngati kuti tsoka lagwera iyeyo. Funso loyenera nlakuti: kodi dzina la mtsogoleriyu lidagwira ntchito yanji pa malondawo? Mtsikana wosauka akalowa m'nyumba naona pa khoma zithunzi za mwini nyumba ali ndi mafumu ndi atsogoleri a maiko, amadziwiratu kuti kukadandaula nkutaya nthawi. Motero munthu angathe kukhala kuti sadakhudze mwana aliyense, komabe ubwenzi wake udatseka pakamwa pa ana ambiri. Mlandu umenewu makhoti kawirikawiri sautha kuuzenga, pakuti kucheza ndi munthu woipa sikuphwanya lamulo. Nchifukwa chake anthu olamulidwa ali ndi ufulu wouzenga okha, pokana kutsogoleredwa ndi munthu wotero.

Wina anganene kuti izi ndi za kwa Azungu. Koma ife a ku Mulanje sitiyenera kulankhula motero, chifukwa boma lathu lino, limene kale linkatchedwa Fort Anderson, lidayamba ngati linga lotsekera njira ya akapolo. Linga linzake, Fort Lister, lidamangidwa mu 1893 pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamene pankadutsa magulu a anthu omangidwa m'magoli popita ku gombe la Quelimane. Ogula anthu aja anali alendo owerengeka, ndipo sakadatha kudutsa dziko la eni popanda chilolezo. Njira idatseguka chifukwa mafumu ena amphamvu, monga Mkanda ndi Matipwiri, adagwirizana nao malonda, nalandira mfuti, onga ndi nsalu. Akazi ndi atsikana ambiri ogwidwa sankafika ndi kugombe komwe, ankasungidwa m'midzi ya akuluakulu ngati akazi aukapolo. Mafumuwo adagonjetsedwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo mabuku a mbiri adasunga maina ao ndi a akazembe a nkhondo amene adawagonjetsa. Dzina la mtsikana ngakhale mmodzi amene adadutsa pa mpata uja palibe amene amalitchula.

Masiku athu ano Malaŵi waonanso maina akuluakulu akutchulidwa pa nkhani zozembetsa anthu, ndipo kawiri konse tidalephera, ngakhale m'njira zosiyana. Koyamba kudali kukhala chete. Mu 2016 khoti la ku Maryland, ku America, lidagamula kuti Jane Kambalame, amene adagwirapo ntchito ku ofesi ya kazembe wathu ku Washington, alipire Fainess Lipenga madola oposa 1 miliyoni chifukwa chomugwiritsa ntchito ya m'nyumba ngati kapolo kuyambira 2004 mpaka 2007. Mlanduwu udali wa ntchito yokakamiza, sudali wa chiwerewere, ndipo udagamulidwa mai Kambalame palibe. Pa nthawiyo iwo anali kazembe wa dziko lino ku Zimbabwe. Ndalamazo zitakhala zosaperekedwa, boma la America mu 2019 lidaletsa akazembe a Malaŵi kutenga antchito a m'nyumba kupita nao kumeneko. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo: dziko lonse lidanyozeka pofuna kusunga ulemu wa munthu mmodzi.

Kachiwiri kudali phokoso la zipani. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mudapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene ankaganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia. Mwezi wotsatira apolisi adamanga Tadikira Mafubza, mwana wopeza wa Peter Mutharika, amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma. Nthawi yomweyo anthu adagawikana potsata mtundu wa nsalu ya chipani: ena adamuweruziratu, ena adati ndi nkhanza za ndale. Mu 2024 khoti lalikulu lidamupeza wosalakwa, ndipo chigamulo chimenecho tiyenera kuchilemekeza. Koma taonani chimene chidatsatira. Dzina lotchuka litachoka pa nkhaniyo, chidwi chathu chidachokanso, ngati kuti anthu aja adadzikwirira okha m'nkhalango.

Tisaganize kuti mkhate ndi nduna kapena kazembe yekha. Kwa mai wothyola tiyi amene kontirakiti yake imatha ndi nyengo ya mvula, mtsogoleri wamkulu pa dziko lapansi ndi kapitawo amene amalemba maina. Mu February 2021 kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, idagwirizana kunja kwa khoti ndi amai 36 a m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo amene adadandaula za kugwiriridwa ndi kukakamizidwa chiwerewere pa ntchito. Idapereka mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo zolipira maloya, popanda kuvomera mlandu. Amai ena 31 adasumira PGI Group, mwini wa Lujeri, pa madandaulo ofanana. Chofunika kuchilingalira nchakuti madandaulo onsewa adakatulidwa ku London. Amai a kuno kwathu adaona kuti khoti la kutsidya kwa nyanja lili pafupi kuposa ofesi iliyonse ya pa boma pano. Chimodzimodzi mtsikana amene watengedwa pa mudzi ndi lonjezo la ntchito ya m'nyumba, nkukapezeka akugulitsidwa m'bala ku Lilongwe kapena ataoloka malire a Muloza: wina adamudziwa womutengayo, wina adalandira kenakake, wina adayang'ana kumbali chifukwa mwini bala ndi munthu wothandiza pa maliro ndi pa misonkhano ya chipani.

Lamulo lilipo. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2015 lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu: zaka zofika 14 m'ndende ngati wogulitsidwa ndi wamkulu, zaka zofika 21 ngati ali mwana, ndi moyo wonse pa milandu yoopsa kwambiri. Mwa zinthu zimene zimakulitsa mlandu, lamuloli likutchula pamene wolakwayo ali wogwira ntchito m'boma, mfumu, kapena mtsogoleri wa chipembedzo. Olemba lamuloli adazindikira chimene ife timachizemba, chakuti udindo umaonjezera kulemera kwa mlandu. Ndipo potchula atsogoleri a chipembedzo sadalakwitse, pakuti mkanjo nawonso ungathe kusanduka mkhate.

Tsono, awerengi okondedwa, dzina lalikulu likadzatchulidwanso pa nkhani yotere, tidzapewe misampha iwiri ija, wa kukhala chete ndi wa kuvina nyimbo ya chipani. Mutu ukakula sulewa nkhonya: mtsogoleri afotokoze poyera za ubwenzi wake, ndipo ngati adapitiriza kudya ndi munthu amene ankadziwa kuti amagulitsa ana, atule pansi udindo ngakhale khoti lisanamuitane. Kumbali ina, amene khoti lamuyeretsa tisamupachike ndi mphekesera. Koma tisalekere pomwepo. Atolankhani, aphungu athu ndi ife tonse tidzafunse kuti atsikana aja ali kuti tsopano, ndani akuwalipirira sukulu ndi chipatala, ndani akuwateteza pokachitira umboni, ndipo njira imene adadzera yatsekedwa kapena ikali yotseguka. Mpando ukagwa amakhalapo wina mawa lomwe. Mwana amene adagulitsidwa ali ndi zaka 14 adzasenza zimenezo mpaka imvi, ndipo kuweruza kwathu kuyenera kuyambira pa iyeyo.