Rama wa M'katuni ndi Rama wa Pabwalo

Nditaonera katuni ya Ramayana imene Yugo Sako wa ku Japan adapanga pamodzi ndi Ram Mohan wa ku India kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndidagoma nayo. Pamene Hanuman akuuluka atasenza phiri la mankhwala, sindidaphethire. Komabe ndimaidandaula chinthu chimodzi: imamkhazika woonera pampando ngati mlendo.

Ku Ramnagar, kutsidya kwa Varanasi, sewero la nkhani yomweyi, lotchedwa Ramlila, limatenga masiku 31, ndipo anthu amatsatira osewerawo malo ndi malo. Rama akapirikitsidwa kwawo, khamu lonse limanka naye kunkhalango, mapazi ali mbuu. Mnyamata wosewera Ramayo amam'gwadira ngati mulungu. Wojambula adakhutitsa maso anga, koma kuwawa kwa ulendo wa Rama amakudziwa ndi amene wauyenda.