Nkhuku ya KFC, Nando's ndi Galito's: mafuta amaoneka, mchere suoneka

Wodwala matenda othamanga magazi akafunsa ngati angadye nkhuku ya m'malo odyera otchuka a m'tauni, azaumoyo ambiri amayankha msanga kuti yowotcha ndi yabwino, yokazinga ayipewe. Yankholi si labodza, koma limasiya mbali yaikulu ya nkhani, makamaka kwa munthu amene vuto lake ndi BP.

KFC inayambitsidwa ndi Harland Sanders ku Kentucky, m'dziko la America. Nkhuku yake amaigubuduza mu ufa wosakaniza ndi zokometsera 11, kenako n'kuikazinga m'mafuta ambiri mu poto wotsekedwa mwamphamvu. Kunja imauma bwino, mkati imakhala yofewa, ndipo pa kukoma kwa mtundu umenewu ndi ochepa amene amafikapo. Vuto lili pa ufa womwewo, chifukwa umamwa mafuta. Galamu imodzi ya mafuta imapereka ma calorie 9, pamene ya nyama yeniyeni yomanga thupi kapena ya sitalichi imapereka 4 okha. Munthu akachotsa khungu ndi ufa wake amachepetsa mafuta ndithu, koma watayanso chimene anachilipirira.

Nando's, yomwe inayamba mu 1987 ku Rosettenville mu mzinda wa Johannesburg, ndi Galito's, yomwe inayamba mu 1996 ku Nelspruit, onse amaviika nkhuku mu msuzi wa zokometsera kenako n'kuiwotcha pa moto. Mafuta ena amatsikira pa motopo, ndipo ufa palibe. Tsabola wake ndi wa piripiri, ndipo wina mwa tsabola amene Nando's imagwiritsa ntchito amalimidwa ndi alimi a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Wogula amasankha yekha kuwawa kwake, kuyambira ya mandimu yosawawa mpaka yotulutsa thukuta. Pa kakomedwe, nkhuku yowotchayi imamveka kuti ndi nkhuku, ngakhale chidali chake chimauma msanga chikapitirira pa moto.

Pa mafuta, yowotcha yapambana. Pa mchere nkhani ndi ina. Msuzi umene nyama imagonamo umakhala ndi mchere, umene amapaka powotcha ulinso ndi mchere, ndipo wa m'botolo umene munthu amathira yekha patebulo ukuwonjezera pomwepo. Palibe chimene chimaoneka ndi maso, pamene mafuta a nkhuku yokazinga amachita kunyowetsa pepala. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi ali ndi BP yokwera. Kwa anthu amenewa, kumva kuti yowotcha ndi yabwino kungamveke ngati chilolezo chodya mmene akufunira.

Mndandanda wa zakudya ndiwo umasiyanitsa kwambiri malowa, mwina kuposa nkhuku imene. Konsekonse chimene chimaikidwa patsogolo, pa mtengo wooneka wotsika, ndi nkhuku, chipisi ndi chakumwa chozizilitsa kukhosi. Chakumwa chokhala ndi magalamu 10 a shuga pa 100 ml chimafika magalamu 50 mu botolo la 500 ml, masupuni a tiyi pafupifupi 12. Amenewa ndi malire a tsiku lonse amene WHO inaika kwa munthu wodya ma calorie 2,000. Nando's ndi Galito's amapereka mpata wosinthitsa chipisi ndi mpunga kapena saladi, ndipo apa akuyenera kuyamikiridwa. Kabichi wa coleslaw, yemwe ambiri amamuyesa ndiwo zamasamba, amakhala wosakaniza ndi mayonezi ndi shuga.

Ku England, kuyambira mu April 2022, makampani a zakudya okhala ndi antchito 250 kapena kuposerapo amakakamizidwa kulemba ma calorie pa mndandanda wa zakudya zawo. Ngakhale lamulo limenelo silinena za mchere, wogula ali ndi poyambira. Kuno kwathu bolodi la pa kauntala nthawi zambiri limaonetsa chithunzi ndi mtengo basi.

Choncho mlangizi wa zaumoyo sangadalire dzina la malo odyera pofuna kudziwa zimene wodwala wadya. Afunse zimene zinali m'mbale: nthuli zingati, khungu linadyedwa kapena ayi, msuzi wa m'botolo unathiridwa, chakumwa chinali chiyani, ndipo zimenezi zimachitika kangati pa mwezi. Mafunso omwewa amagwiranso ntchito kwa wodwala amene sanalowepo mu KFC koma masana alionse amaima pa chiwaya, pomwe mafuta amakazingidwa mobwerezabwereza ndipo mchere amachita kutapa ndi zala.