Nkhope ndi Mau m'Makatuni a Baibulo

Ana athu amakonda makatuni. Makatuni ndi mafilimu a zithunzi zojambula zimene zimayenda ndi kulankhula. Ena amasimba nkhani za m'Baibulo. Mwana akaona nkhope ya Mose kapena ya Mariya pa kanema, amakula nayo m'mutu. N'cifukwa cake tiyenera kufunsa kuti nkhopezo zikufanana ndi za yani.

M'nthawi ya atsamunda, zithunzi zambiri za m'sukulu za mishoni zinali kuonetsa Yesu ngati mzungu wa tsitsi lalitali lofewa. Angelo naonso anali azungu. Motero mwana anali kuphunzira, popanda womuuza, kuti cabwino cimakhala ndi khungu loyera. Komatu nkhani zoculuka za m'Baibulo sizinacitikire ku Ulaya. Zambiri zinacitikira ku Palestina, ku Babulo ndi ku Igupto, ndipo Igupto ali mu Afirika muno.

Tiyeni tione mafilimu awiri a ku America.

Yoyamba ndi The Prince of Egypt, ya kampani ya DreamWorks, imene inatuluka mu 1998. Imasimba za Mose. Ojambula anapatsa Mose, Farao ndi Zipora khungu lodera, monga la anthu a dziko la dzuwa. Apa anacita bwino, ndipo tiwayamikire. Koma mau a anthuwa anali a yani? Mose anamulankhulira Val Kilmer, Farao anamulankhulira Ralph Fiennes, Zipora anamulankhulira Michelle Pfeiffer. Onse atatu ndi azungu. Danny Glover, munthu wakuda, anapatsidwa mau a Yetero, mpongozi wa Mose, amene aoneka kanthawi kocepa cabe. Nkhope zinasintha, koma nchito zazikulu zinatsala m'manja omwe aja.

Yaciwiri ndi The Star, ya kampani ya Sony, ya mu 2017. Imasimba za kubadwa kwa Yesu monga momwe anakuonera bulu wochedwa Bo. M'filimuyi muli anthu a mitundu yambiri. Wolankhulira buluyo, Steven Yeun, anabadwira ku Korea. Mulinso anthu akuda ochuka atatu: Oprah Winfrey, Tyler Perry ndi Tracy Morgan. Nanga iwo anapatsidwa ciani? Anapatsidwa mau a ngamila zonyamula anzeru a kum'mawa, ndipo nchito ya ngamilazo kwenikweni ndi kuseketsa. Kuwerenga mitu ya oitanidwa ku phwando sikukwanira. Tione yemwe wakhala pampando ndi yemwe wakhala kukhomo.

Cina codandaulitsa n'cakuti m'Baibulo muli Aafirika amene akanayenera filimu yaoyao. Ebedi-Meleki, Mkusi, anapita kwa mfumu molimba mtima, natulutsa mneneri Yeremiya m'dzenje la matope. Anamuponyera nsanza kuti zingwe zisamuceke m'khwapa (Yeremiya 38). Simoni wa ku Kurene, dera limene lero lili mu Libya, anasenza mtanda wa Yesu (Marko 15). Nduna yosunga cuma ca mfumukazi ya ku Itiyopiya inali kuwerenga buku la Yesaya ili pagaleta (Macitidwe 8). Taonani, Mwafirika ali kuwerenga yekha! Kodi nkhani imeneyi singakondweretse ana?

Ife sitinena kuti ana aleke kuonera makatuni. Tinena kuti tikhale nao pansi, tionere limodzi, tiwafunse zimene aona. Mafilimu onse awiriwa anapangidwa m'Cingelezi, koma Baibulo lilipo m'cinenero cathu. Popeza tsopano tiphunzira kuwerenga, titha kutsegula bukulo tokha ndi kuyerekeza zolembedwa ndi zojambulidwa. Wodziwa kuwerenga sangomeza zimene wamutafunira mnzake.

Tikambirane:
1. Kodi zithunzi za Yesu zimene tinaona tili ana zinali zotani?
2. Kodi n'cifukwa ciani mau ndi ofunika monga nkhope?
3. Kodi ndi nkhani iti ya Mwafirika imene tikadakonda kuiona pa kanema?