"Chabwino" wa Wodwala Si Chilolezo Nthawi Zonse

Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pomwe ophunzira udokotala amaphunzirira ntchito chikhazikitsireni College of Medicine mu 1991, odwala ambiri amatchula aliyense wovala zoyera kuti "adokotala". Ulemuwu ndi wabwino, koma umabisa chinthu chachikulu: wodwala sadziwa kuti amene akumugwira thupi ndani.

Wophunzira akafunsa kuti, "Ndikuyezeni, amayi?", kawirikawiri yankho limakhala "chabwino". N'kosavuta kutenga yankholi ngati umboni woti odwala amalandira ophunzira ndi manja awiri. Kuganiza motero n'kulakwitsa. Pachichewa, munthu amene wamupatsa kale ulemu wa "a-" sumukanira pamaso. "Chabwino" akhoza kukhala kuvomera, akhozanso kukhala mantha oti akakana sathandizidwa.

Nkhawa ya odwala imaonekera m'mneni. Palibe amene amatsutsa "kuphunzira", koma "akuphunzirira pa ine" ndi dandaulo la munthu amene akuona kuti wasanduka chipangizo.

Choncho wophunzira ayambe ndi kunena kuti, "Ndine wophunzira, ndipo mukakana muthandizidwabe." Akatero, "chabwino" wa wodwala adzakhala wochokera pansi pa mtima.